Mwala Waulesi ndi Khoma la Kum'mawa

Tiwonge, Vitumbiko ndi iwe Mphatso, matumba a simenti amene munatumiza kuti tikonzere nyumba ya malemu agogo anu a Msiska afika, ndipo tawasunga pouma. Tathokoza kwambiri. Koma mmisiri asanayambe kugumula pulasitala wakale, ndati ndikulembereni mutu uwu wa mbiri yanga, popeza pa foni mumandidula mawu kuti mayunitsi akutha. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndizilumpha, ndinali mwana wamamina ngati ana ena onse. Ndiyambira pomwe ndinayambira ntchito, chifukwa ndi pomwenso inu munayambira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: Chilumba

Ntchito yanga yoyamba, yomwenso inakhala yomaliza, inali yothandizira akatswiri a miyala mu ofesi ya boma yoona za migodi. Ndinatsikira pa doko la Chilumba ndi bokosi lachitsulo, nsapato zatsopano zondiluma, ndi mtima wodzimva kuti kuno kulibe wophunzira kuposa ine. Chitumbuka sindinkachidziwa ngakhale moni. Bwana wanga anali a Kalua, munthu wamfupi woyenda ngati akuthamangitsidwa, amene pa zaka zonse zomwe ndinagwira nawo ntchito sanandiuzepo kuti wachita bwino. Akakhutira ankangoti "hm" n'kubweza cholembera chawo chofiira m'thumba, ndipo "hm" ameneyo ndinkasangalala naye sabata yathunthu. Tsiku loyamba anandipatsa nyundo, kampeni, ndi kabotolo ka asidi kokhala ndi kodonthezera. Kabotoloko ndi kamene kanandipatsa dzina. Mpaka lero achikulire a kuno sadziwa kuti ndine Kamwendo, amangoti a Kabotolo.

Sabata yomweyo anandikweza kaphiri kena kumtunda kwa Chilumba. Anaswa mwala wotuwa n'kundionetsa kachigoba ka nkhono kali mkati mwenimweni.

"Nkhono iyi yakwera bwanji phiri, Kamwendo?"

Ndinati mwina mbalame inaigwetsa.

"Inaigwetsa n'kuitsekera m'mwala? Pano panali madzi kalekale. Matope ndi zigoba zinkadikha pansi, zina pamwamba pa zinzake, mpaka zinalimba n'kukhala mwala. N'chifukwa chake ukuona mizere ngati mabulangete opinda. Dontheza asidi."

Nditadontheza, pamwalapo panawira thovu lomveka ndi khutu lomwe. Iwo anati umenewo ndiye mwala wa laimu, amene kwathu timati njereza, ndipo umayankha msanga. Kenako anandipatsa wina wachikasu pang'ono, wochokera pamwamba pa kaphiriko. Ndinadontheza, koma mwala unangokhala duu. Ndinalengeza molimba mtima kuti uwu si wa laimu. A Kalua anandiuza kuti ndiukande ndi mpeni, ndidontheze pa ufa wakewo. Ufawo unawira, koma pang'onopang'ono, ngati munthu wodzutsidwa tulo tisanathe.

"Uyu ndi m'bale wake, dzina lake dolomaiti," anatero. "Anabadwa mofanana, koma madzi amene anadzera m'mwalamo pambuyo pake anasiyamo mchere wina wotchedwa magineziyamu. Mwala ukakhala chete usathamangire kulemba. Kanda kaye."

Mawuwo ndinawalemba bwinobwino m'kabuku kanga, n'kuwasiya momwemo.

Masiku amenewo zinthu zinkasowa. Galimoto ya ofesi inkatha miyezi ikudikira matayala, matayala akabwera mafuta ndiye kulibe, moti boma lonse la Karonga ndinalidziwira pa njinga yakapalasa. Chaka chachiwiri asidi anatha, ndipo makalata opempha wina ankangopita osabwerera. A Kalua anati ndizigwiritsa ntchito mandimu, pa ufa wa mwala wa laimu nawonso amawira ndithu ngakhale mofooka. Tsono m'munsi mwa kaphiri kaja munali mudzi wa a Msiska, amene ankawotcha laimu, ndipo pakhomo pawo panali mtengo wa mandimu. Ndinapeza mtsikana akusefa laimu, nsalu atamanga pamphuno, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Anali Tamala, amayi anu, amene aliyense kuno amati NyaMsiska.

"Mandimu? Mwadwala chimfine?" anandifunsa m'Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka.

"Ayi, ndi a miyala."

Anandithyolera atatu n'kuima pomwepo kuti aone. Nditakanda mwala n'kufinyirapo ndimu, anavula nsalu ija pamphuno kuti aseke bwino.

"Adada, zaninge muzakawone. Boma latitumizira munthu wothira ndimu pa miyala. Mawa abwera ndi mchere ndi tomato."

Ndinakhumudwa tsiku lonse, koma mawa lake ndinapezeka kuti mandimu andithera kale. Mtengo umene uja ndinauyeretsa chaka chimenecho, ngakhale asidi atabwera.

Agogo anu anali munthu wamtali, wa manja ong'ambika ndi laimu, wosalankhula zambiri. Uvuni wawo unali dzenje lokumbidwa m'mbali mwa phiri. Ankayala nkhuni, pamwamba miyala, kenako nkhuni, kenako miyala, n'kuwotcha masiku atatu. Miyala yopsayo akaithira madzi inkalira, kutentha, n'kufumbutuka kukhala ufa woyera. Amayi a m'mudzimo ankaswa miyala, amuna kudula nkhuni, ndipo mabanja ambiri ankadya za uvuniwo. Kabotolo kanga iwo analibe nako ntchito. Ankagundanitsa miyala iwiri pafupi ndi khutu n'kudziwa. Wotuwa uja ankautcha waukali, wachikasu uja waulesi. "Waulesi timausiya," anandiuza tsiku lina. Sindinafunse kuti amausiyiranji, kapena ngati anauwotchapo.

Chaka chachitatu, mwezi wa Meyi

Pofika chaka chachitatu ndinali nditatumiza thenga, munthu wokandinenera za ukwati monga mwa mwambo wa kuno, ndipo a Msiska anali atavomera. Nthawi yomweyo kunabwera kontirakitala womanga nyumba za aphunzitsi cha ku Lupembe. Ankafuna laimu wambiri wa pulasitala, ndipo ankamufuna msanga, lole inkabwera sabata iliyonse. Tsoka lake, mzere wa mwala waukali uja unali utalowa pansi pa phiri, kosakumbika ndi manja. A Msiska anayamba kuwotcha waulesi. Laimu ankathiridwa madzi m'mawa, madzulo ali kale m'matumba.

Popeza nyumbazo zinali za boma, ofesi yathu inapemphedwa kukayeza mwalawo. A Kalua ananditumiza ine, akudziwa zonse.

"Ndikudziwa kuti kumeneko uli ndi nkhani ina," anatero osandiyang'ana. "Lemba zimene waona, basi."

Ndinagwada pa mulu wa miyala m'mawa wonse, kudontheza, kukanda, kudontheza. Pafupifupi yonse inali dolomaiti. Ndinkadziwa zimene mabuku amanena: laimu wa mwala umenewu amamwa madzi mochedwa, timibulu tina timatsala tisanamwe, tikalowa m'khoma timamwa chinyezi pang'onopang'ono, kutupa, n'kuphulitsa pulasitala patapita miyezi. Kumapeto kwa muluwo kunali timiyala totuwa totsalira. Ana anga, ndinene zoona, ndinatola timeneto tokhatokha n'kuika m'thumba kuti ndito ndikaonetse ku ofesi. Potembenuka ndinapeza amayi anu ali chilili kumbuyo kwanga ndi sefa m'manja.

"Imeneyo si imene tikuwotcha, a Kabotolo," anatero motsitsa mawu, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Manyazi anandigwira mpaka ku mapazi. Ndinakhuthula thumba, n'kutola miyala ya pakati pa mulu.

Lipoti ndinalemba loona: mwalawo ndi dolomaiti, ndipo laimu wake, momwe akukonzedwera, adzaphulitsa pulasitala. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma cholembera chinanditsekemera, ndinawonjezera chiganizo china kuti lipoti limveke laukatswiri: mwala wa phiri limeneli suyenera ntchito iliyonse yomangira. Zimenezo sindinazione, ndinangozikoka m'buku ndi m'matama anga. A Kalua anasaina. Kontirakitala anachoka, ogula ena anamva nawonso n'kusiya kubwera, uvuni unazizira, amayi oswa miyala anabwerera kwawo. Pasanathe sabata ziwiri thenga anandipeza ndi uthenga waufupi, wakuti nkhani ya ukwati ija iyambe yaima.

Ndinapitabe. Ndinawapeza a Msiska atakhala kuseri kwa nyumba yawo yatsopano ya njerwa, imene khoma lake la kum'mawa linali lisanapakidwe pulasitala. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

"Mwana wane, pepala lako lanena zoona hafu," anatero. "Ine ndinalakwa, ndinalola lole kundithamangitsa. Libwe laulesi, mwala waulesi uja, silifuna changu yayi. Ukaliwotcha, uligoneke m'dzenje la madzi miyezi, lisaume ngakhale tsiku limodzi. Adada wane ankachita ntheura, chimodzimodzi. Kweni iwe walemba kuti phiri lonse lafa. Unandifunsa?"

"Buku likutero, adada."

"Buku lako linawotchapo laimu?"

Iwo analoza khoma lija. Anati awotcha uvuni umodzi waung'ono. Theka la khoma apaka laimu wa changu, wonga amene ankagulitsa, theka linalo adzapaka laimu wogona m'dzenje. Ndikadzaona ndi maso anga, ndidzalembe pepala lina lonena kuti ndinalakwitsa.

"Usanalembe, za ukwati tisakambe. Mwana wane sangapite kwa munthu amene wazimitsa moto wa kwawo."

Vuto linali nthawi. Mwezi womwewo ndinalandira kalata yakuti ndasankhidwa kupita ku kosi ku Zomba mu Julaye chaka chotsatira, ndipo ndikamaliza adzandisiya kummwera komweko. A Msiska anati dzenje limayambika ndi mvula ya Disembala, chifukwa mtsinje uli kutali ndipo chilimwe cha kuno chimaumitsa dzenje tsiku limodzi. Ndinawerenga pa zala: Disembala mpaka Meyi m'dzenje, Juni kupaka, kenako miyezi ina kudikira kuti tione ngati khoma liphulika. Pamenepo ine n'kuti ndili kale ku Zomba. Ndinawafotokozera amayi anu zimenezi Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, misozi ili pafupi. Anangofunsa kuti laimuyo agone miyezi ingati. Ndinati bambo awo akuti isanu kapena isanu ndi umodzi. Anagwedeza mutu n'kumapita, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhani yanga sinawakhudze.

Juni mpaka Meyi wotsatira: Iponga ndi kubwerera

A Kalua, kaya mwa chifundo kaya pofuna kuti ndisamazungulire phiri la eni ake ngati galu wotayika, ananditumiza ku Iponga kukayeza miyala ya m'mitsinje. Kumeneko chilankhulo n'china, Chinkhonde, moti Chitumbuka changa chimene ndinachivutikira sichinandithandize. Ndinkadya nthochi zophika m'mawa, masana ndi madzulo, ndinaonda, ndipo ndinkawasowa amayi anu koopsa. Kumapeto kwa Novembala, mvula isanagwe, kunafika kakalata kochokera kwa a Msiska ka mawu atatu: bwera udzaone khoma.

Theka la kumanzere, limene anapaka mu Juni ndi laimu wa changu, linali litaphulika timaenje paliponse ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba. Anandionetsa okha, osabisa.

"Apa wapambana ndiwe," anatero. "Aphunzitsi aja unawapulumutsa. Sono tiye kuno."

Kuseri kunali dzenje lofunditsidwa ndi makuwa a nthochi. Atavundukula, pamwamba panali madzi, pansi laimu woyera, wosalala ngati chambiko. Anati wagona mmenemo kuyambira Juni. Ndinadabwa, popeza anali atanena kuti ayamba mu Disembala. Iwo anangoti, "Zinatheka," akuyang'ana kumbali. Ine, katswiri wa boma, sindinadzifunse n'komwe kuti dzenje limakhala bwanji ndi madzi mwezi wa Okutobala ku Karonga. Anamusefa laimuyo, kusakaniza ndi mchenga, n'kupaka theka la kumanja ine ndikuona. Pomaliza anandigwira dzanja n'kudinda chala changa chachikulu pakona ya pansi pulasitala akadali wofewa, kuti ndisadzanene kuti anasintha khoma ine kulibe.

Mvula inagwa n'kutha. Mu Meyi a Kalua anabwera nane. Anayenda ndi chikhatho pa theka la kumanja kuchokera pamwamba mpaka pansi, anagogoda ndi mpini wa nyundo, anakanda ndi chikhadabo. Panalibe kaenje ngakhale kamodzi. Anati "hm", koma ulendo uno sanali wanga, anali wa a Msiska. Pobwerera, tikukankha njinga pa chitunda, anandiuza zoona zake.

"Ukalemba kuti unalakwitsa, kalatayo ilowa mu fayilo yako. Ku Zomba atumiza wina."

"Inunso munasaina, bwana."

"Ndinasaina. Koma fayilo yanga inadzadza kale, ine sakunditumiza ku kosi."

Musaganize kuti zinali zophweka. Kosi imeneyo inali khomo la udindo, nyumba ya magetsi, mwinanso galimoto. Amayi anga ku Ntcheu anali atalengeza kale ku mpingo wonse. Panali njira yozembera: ndikanalemba kuti kafukufuku watsopano waonetsa zina, osatchula kulakwa kwanga, n'kupita ku Zomba n'kumayembekeza kuti a Msiska afewa. Ndinayesa kulemba choncho kawiri, koma mapepala onse awiri ndinang'amba, chifukwa ndinkangomva mawu aja akuti imeneyo si imene tikuwotcha. Pepala lachitatu ndinalemba mosazungulira: m'lipoti langa loyamba ndinalemba chiganizo cha zinthu zimene sindinazione ndiponso sindinafunse kwa odziwa, mwala wa phirili, laimu wake akagonekedwa m'madzi miyezi yokwanira n'kusefedwa, ndi wabwino pa pulasitala. A Kalua anawerenga, anatulutsa cholembera chofiira, n'kulemba pansi pa dzina langa kuti "Nanenso", n'kusaina.

Ku Zomba kunapita wina, mnyamata wabwino ndithu amene pambuyo pake anadzakhala bwana wanga. Uvuni unayakanso, nthawi ino ndi maenje awiri ogonekamo laimu, ndipo wofuna wa changu ankauzidwa kuti akagule kwina. Patapita zaka, mwala waulesi womwewo, wongopera osawotcha, unayamba kugulidwa ndi alimi a khofi a kumapiri kuti azithira m'minda ya nthaka yowawasa. Thenga anabwereranso, ndipo tinakwatirana mu Seputembala. Tsiku limenelo agogo anu anandiitana koyamba kuti mkweni, ndiye kuti mkamwini, ngakhale mawa lake anabwerera ku a Kabotolo. Ndinagwira ntchito zaka zonse kuno, ndinakwezedwa kamodzi kokha, ndipo sindinadandaulepo kupatula masiku amene njinga inkaphulika tayala pakati pa Lupembe ndi Karonga.

Chaka chino

Nkhaniyi mwina munaimvapo zidutswazidutswa, ndipo nthawi zonse ndinkaikamba ngati ya ine ndi agogo anu, amuna awiri ouma mitu. Ndi mmene ndinkaidziwira mpaka simenti yanu itafika. Tsiku limenelo amayi anu ankapeta mpunga pakhonde, ine n'kunena kuti mmisiri agumule pulasitala yense, khoma la kum'mawa lija lanyansa mokwanira.

"Khoma la kum'mawa asalikhudze," anatero osasiya kupeta.

"Chifukwa cha chala changa chija?" ndinafunsa, ndikudzimva kukoma.

Anaika lichero pansi.

"Chala chanu? Bambo a Tiwonge, inu pa khoma lija munaikapo chala chimodzi. Mukuganiza kuti m'dzenje muja madzi ankagwa kuchokera kuti, Juni mpaka Novembala?"

Ndinati ndinkayesa kuti pansi pake panali kasupe. Anandiyang'ana momwe anandiyang'anira tsiku la mandimu lija.

"Kasupe wake ndine. Adada anati tidikire mvula. Ine ndinawerenga miyezi imene munandiuza pa tchalitchi, ndinaona kuti mupita. Ndinawauza kuti, adada, wotchani, za madzi n'zanga. Ndowa zinayi m'mawa ndisanapite kumunda, zinayi madzulo. Mu Okutobala mtsinje utauma ndinkafukula mumchenga."

Mtsinje umenewo mumaudziwa, ndi uja munkakana kupitako muli ana kuti n'kutali, ndipo pobwera ndi chitunda chokhachokha. Khosi la amayi anu limene lakhala likuwawa zaka zonsezi, ine ndakhala ndikuwagulira mankhwala opaka n'kumawauza mwaukatswiri kuti vuto ndi pilo.

"Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Munafunsa?"

Anatola lichero n'kupitiriza kupeta. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinadya uchi zaka makumi anayi osafunsa kuti wachokera kuti. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pa bedi, ndipo ndinalira, nkhalamba yonse ine. Ndimawakonda amayi anu, ndipo ndikulemba pano kuti zikhale pa pepala, popeza ndi pa pepala pomwe ndimakonzera zolakwa zanga.

Choncho mmisiri apake makoma atatu, simenti yotsala tikonzera khonde. Khoma la kum'mawa likhale momwe lilili, timaenje take ndi kusalala kwake. Mukabwera pa Khirisimasi mudzabwere ndi ana, adzaone chala cha agogo awo aamuna pakona, koma mudzawauze bwino kuti theka losalalalo linachokera pamutu pa ndani.

Lolemba lapitali ndinadzuka m'mamawa, ndinatenga ndowa n'kupita ku mjigo. Amayi a pamjigo anaseka mpaka kugwira m'mimba, wina anafunsa ngati NyaMsiska wadwala. Kusenza pamutu sindinathe, ndinanyamula pamanja, madzi akukhavukira m'nsapato njira yonse. Nditafika ndinaika ndowayo pamapazi pa amayi anu. Anasuzumiramo, momwe munatsala madzi osafika theka, n'kungoti "hm". Sabata yatha tsopano, ndipo ndikusangalalabe naye.